Mmene Che Idrisa Ankagogodera Khoma Langa

Abale anga, ndisanayambe, mwadzuka bwanji?

Musaseke. Ndikudziwa kuti dzuwa lapendeka kale, ndipo munthu wolongosoka akanati mwaswera bwanji. Ndafunsa dala. Kuswera aliyense amaswera, ngakhale mbuzi imaswera. Koma ine chimene chinandipasulira banja ndi m'mawa, ndiye mundilole ndiyambire pamenepo.

Akulu a mpingo andipempha kuti ndiime pano chifukwa ambiri a inu mwatsala kuno ku Joni kontiraki ya ku migodi itatsekedwanso chaka chino. Anzanu akwera kubwerera kwathu, inu mwatsala, ena chifukwa cha mkazi, ena chifukwa cha manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja. Nkhope zanu ndikuziona. Ena mwabwera ndi fungo la dzulo, ndalimva polowa paja, koma sinditchula munthu. Njira imene mwayamba kuiyendayi ine ndinafika nayo kumapeto, ndipo kumapetoko kulibe chabwino.

Ndine Fanuwelo, wa ku Ntcheu. Eya, sekani, ndikudziwa zimene mumanena za ife Angoni ndi chipanda cha mowa. Ndinafika kuno ndili mnyamata wa mphamvu zanga, anandiponya ku migodi ya kuno ku Rustenburg. Mu 1974, ndege ija itagwa ndi anzathu a ku migodi, kwathu analamula kuti aliyense abwerere. Komponi, kumene tinkagona ife a mumgodi, inakhuthuka ngati thumba lobooka. Ine ndinali nditaonana kale ndi Seipati, mtsikana wa Chitswana wa ku Mabeskraal, amene ankagwira ntchito yochapa m'tauni. Ndinayang'ana basi, ndinayang'ana Seipati, basi inapita. Za mapepala musandifunse m'tchalitchi muno.

Tinapeza kachipinda ka lendi ku Tlhabane. Tinabereka mwana wamkazi, ndinamutcha Tadala, ndipo poyamba tinadaladi. Koma uchona umadya munthu pang'onopang'ono. Kale m'komponi m'mawa munkakhala phokoso la Chichewa chokhachokha, wina akuimba, wina akunyoza mnzake kuti wagona ngati mtembo. Anzathu atapita, ndinkatsika mumgodi ndi anthu abwinobwino, Abesutu, Amakosa, koma woseka naye nthabwala za kwathu panalibe. Uthenga wa maliro a mayi anga unandipeza udzu utamera kale pamanda. Ndinayamba kumwa Loweruka. Kenaka Lachisanu ndi Loweruka. Kenaka mayi wa pa shabini ankangoti akandiona potero, n'kuyamba kutsuka kapu yanga.

Za mowa wa madzulo sindinena zambiri, mukuzidziwa. Chimene anthu sanena ndi m'mawa wake, babalazi uja, matsire. Ndinkadzuka mutu ukugunda, m'kamwa mukuwawa, mtima uli bii, ndipo ndinkafunafuna munthu woti ndimutsanulire zimenezo. Madzi osamba akatentha, mlandu. Akazizira, mlandu. Chitseko chikalira, mlandu. Seipati anaphunzira Chichewa chifukwa cha ine, ndiye ankati, "Rra Tadala, mwadzuka bwanji?" Rra Tadala m'Chitswana ndiye kuti bambo a Tadala. Ine ndinkangoti mm, mwinanso osayankha n'komwe. Anansi anandipatsa dzina la Chitswana lakuti Maru, kutanthauza mitambo, chifukwa cha nkhope imene ndinkatuluka nayo m'nyumba.

Sindinkamenya mkazi, ndipo ndinkadzitama nazo. Masana ndinali munthu wosekaseka, ndinkagulira mwana maswiti, ndinkamunyamula paphewa. Ndiye ndinkati ndine bambo wabwino. Sindinkaona kuti mwanayo m'mawa amaima kuseri kwa chitseko mpaka jombo zanga zitatuluka pampanda.

Tadala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake anamuphunzitsa kupereka chinthu ndi manja awiri. Tsiku lina m'mawa ndikumanga jombo, chingwe chinaduka. Ndikulimbana nacho chingwecho, mwana uja analimba mtima, anatuluka kuseri kuja atanyamula kapu ya tiyi ndi manja ake awiri, akuyenda pang'onopang'ono kuti asataye. Anati, "Ababa, tiyi." Ine osacheuka ndinaponya mkono, ndinati choka apa. Tiyi yense, wotentha wochoka pamoto, anathera padzanja lake.

Sanalire msanga. Anayamba wandiyang'ana kaye. Ndipo imvani bwino chimene ndinachita ine bambo wabwinoyo: ndinamangiriza chingwe chija, ndinapita kuntchito. Madzulo ndinapeza m'nyumba muli zii. Mnansi anandiuza kuti Seipati anapita naye mwana kuchipatala, pochoka kumeneko anakwera basi ya ku Mabeskraal. Madzi akatayika saoleka.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira. Ndinayamba kujomba, anandichenjeza, anandichotsa ntchito. Ndinagulitsa wailesi, bedi, jekete ya ukwati. Loweruka lina pa shabini ndinamenya munthu ndi mpando chifukwa anandifunsa za mkazi wanga, ndinamuthyola chibwano, ndinakagona kundende miyezi ingapo. Potuluka ndinapeza m'kachipinda kaja muli kale munthu wina. Ndinkagona kuseri kwa masitolo, pa makatoni.

Tsiku lina ndinakhala pansi pakhonde la sitolo ina ku Tlhabane konko, ndikutukwana nsapato yanga imene inali itayasama. Makina osokera amene ankalira pambali panga anasiya kulira.

"Pepani achimwene," anatero mawu a munthu wamkulu. "Kutukwana kotereku ndinakumva komaliza pa msika wa Balaka. Kwanu n'kuti?"

Ndinacheuka. Anali madala wamfupi, woonda kwambiri, atavala kofia yoyera ndi magalasi omangirira ndi ulusi. Ndinati ku Ntcheu.

"Mngoni," anatero. "Ndiye za mowa tazimvetsa. Nanga nkhopeyo ndi ya mtundu wanji?"

Amenewo anali Che Idrisa, Myao wa ku Mangochi, Msilamu. Anafika kuno ine ndisanamere ndevu. Mumgodi ankagwira gwala, chitsulo chachitali chija chimene timagogodera denga la mgodi anthu asanalowe, mpaka fumbi linawadya chifuwa, anawatulutsa. Anaphunzira kusoka, n'kumakhala pakhonde paja. Mkazi wawo anali atamwalira, ana analibe. Munthu ameneyu akanafuna kukhala wokwiya, zifukwa anali nazo zambiri kuposa ine.

Ankachita lendi nyumba ya kumbuyo kwa mayi wina wamasiye, zipinda ziwiri zogawidwa ndi khoma la matabwa. Anachotsa nsalu m'chipinda chinacho n'kundipatsa ine, munthu amene sankamudziwa, wonunkha ndende. Anati mowa usalowe muno, nkhumba isalowe muno. Ndiye anawonjezera kuti, "Chinanso, m'mawa ndikakufunsani funso, muziyankha." Ndinavomera, poti ndinkaganiza kuti chovuta ndi choyamba chija.

Ndikuuzeni za m'mawa wa munthu ameneyu, chifukwa ndinaumvera kudzera m'matabwa aja nthawi yaitali ndisanauone ndi maso. Ankadzuka kum'mawa kutangoyamba kufiira. Choyamba chinali chifuwa. Ankatsokomola mpaka ine ndinkati lero ndiye lero, ndipita kukaitana anthu. Chikaleka, mumamva kaphwete, kenaka mawu akuti, "Alhamdulillah, injini yalira." Kenaka madzi. Ankatawaza kuti aswali, koma madzi otawazirawo sankawataya, ankawalandira m'beseni. Akatha kuswali ankatuluka ndi beseni lija n'kukathirira tsabola wa kambuzi amene anali m'chitini pakhomo. Mbewu ya tsabola ameneyo anawamangira pakansalu ndi mlongo wawo tsiku limene ankanyamuka ku Mangochi. Chaka ndi chaka ankaumitsa njere n'kufesanso, m'komponi ndi kunja komwe. Chaka chimenecho chisanu cha Juni chinapha zitini zina zonse, kunatsala chimodzi.

Akathirira, ankatenga tsache n'kusesa kabwalo kathu, akung'ung'udza nyimbo ya Chiyao. Akatha, ankatembenuza tsache lija n'kugogoda khoma langa ndi mtengo wake. "A Ntcheu, mwadzuka bwanji?"

Ine ndinkafunda bulangete kumutu. Iwo sankachoka. Ankaima pomwepo, tsache m'manja, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ibwera ndithu. Ndikati mm, ankati, "Mm ndi ng'ombe. Ndafunsa munthu." Masiku ena ankasintha n'kufunsa m'Chiyao kuti, "Ajimwiche uli?" ati mwina Chichewa ndinachiiwalira kundende. Tiyi ankaphika wa anthu awiri ngakhale ndisatuluke. Ndinkadana nako kukondwa kwawoko, ndisakunamizeni. Ndinkati munthu wopanda mapapo, wopanda mwana, wopanda kwawo, akuimba chiyani.

Tsiku lina ndinakumana ndi munthu wa ku Mabeskraal pa siteshoni ya basi. Ndinamufunsa za Tadala. Anati bala linapola, koma chipsera chilipo, ndipo mwanayo akamva kuti kukubwera mlendo wa ku tauni amathawira kumunda. Tsiku limenelo ndinamwa za munthu wina mpaka ndalama zake zinatha. M'mawa mwake, mutu ukugunda ngati kale, ndinamva go, go, pakhoma.

"A Ntcheu, mwadzuka bwanji?"

Ndinatuluka ngati njati yolasidwa. Ndinakalipa kuti mundisiye, kodi ndinu amayi anga, mukufuna chiyani kwa ine. Chimene chinali pafupi ndi phazi langa chinali chitini chija. Ndinachimenya theche. Chinagubuduka mpaka kumpanda, dothi linamwazika pabwalo limene anali atangosesa, kamtengo kanagwera uko mizu ili pamtunda, nthambi imodzi itathyoka.

Mayi mwini nyumba anasuzumira pawindo n'kubwezanso mutu. Ine ndinaima ndikupuma ngati ndathamanga, ndikudikira kuti andithamangitse. Kunena zoona ndinkafuna kuti andithamangitse, kuti ndikhale ndi wina womuda.

Che Idrisa anatsamiritsa tsache kukhoma. Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi, kenaka linalo. Anayamba kuwola dothi lija ndi manja n'kumalibwezera m'chitini. Chifuwa chinawagwira ali chogwada choncho, anatsokomola mpaka misozi, anadikira kuti chidutse, anapitiriza. Anatola kamtengo kaja, anapukuta masamba ndi chala, anakadzala, anatsindira dothi. Munthu anali atapwetekedwa mtima, sanali mwala ayi. Anathira timadzi totsala m'beseni, anagwira khoma n'kuimirira, anasasa maondo. Ndiye anandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja.

"Simunandiyankhe," anatero. "Mwadzuka bwanji?"

Abale, sindikudziwa chimene chinathyoka m'kati mwanga. Ndinakhala pansi padothi pomwepo. Ndinati, "Sindinadzuke bwino, madala. Papita zaka ndisanadzuke bwino. Ndinawotcha mwana wanga." Ndinalira ngati mwana wosiyidwa pamsika.

Sanandigwire paphewa, sananditonthoze. Anati, "Eya, limenelo ndiye yankho. Ine sindinati muzinena kuti mwadzuka bwino. Ndinati muziyankha." Analowa m'nyumba, anabwera ndi makapu awiri, anakhala pa chidebe moyang'anana nane.

"Munagwirako pansi inu," anatero. "M'mawa skofu, ntchito ya pansi ija, isanayambe, amayamba kulowa ndani?"

Ndinati wa gwala.

"Amatani?"

Ndinati amagogoda denga. Likalira ngwe, ngwe, ndiye kuti lili bwino. Likalira mofowoka ngati ng'oma yong'ambika, ndiye kuti pali mwala wofuna kugwa.

"Ndiye akamva choncho amalitukwana dengalo?"

Ndinati ayi, amaugwetsa mwalawo pansi pasanafike munthu.

"Ine ntchito imeneyo ndinaigwira zaka zanga zonse," anatero, "ndipo denga limene linali bwino dzulo sindinalikhulupirirepo lero. Mutu wa munthu nawonso umasuntha usiku. Inu mumadzuka n'kulowetsa mkazi ndi mwana pansi pa denga losagogoda. Mwala unagwera mwanayo. Ine ndimadzuka ndi miyala yanga tsiku lililonse, musaganize kuti ayi. Ndimaigwetsa pabwalo pano ndi tsacheli, ndisanaone nkhope ya munthu."

Tinamwa tiyi uja. Atatha anandipatsa tsache lija, anati ndisese zimene ndamwazazo.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinayamba kuchita, poti ena mukudikira mankhwala aakulu. Palibe chachikulu. Ndikadzuka, sindilankhula ndi munthu ndisanasukusule ndi madzi ozizira. Ndikusukusula choncho ndimadzifunsa kuti lero kukulira bwanji m'katimu. Ngati ndi mkwiyo ndimautchula dzina, ndimati uwu ndi mkwiyo wa maloto aja, uwu ndi wa mawu amene anandinena uje dzulo, si wa anthu a m'nyumba muno. Ndimapemphera mawu ochepa, poti mapemphero aatali m'mawa ine amandigonetsanso. Ndiye ndimatenga tsache. Manja akamagwira ntchito mtima umatsatira pambuyo, mochedwa koma umatsatira. Ndikatha ndimapereka moni kwa munthu woyamba amene ndamuona, ndipo ndimaima kudikira yankho lake. Tiyi ndimamwa nditakhala pansi, ngakhale basi ikulira.

Mowa sunathe tsiku limodzi. Che Idrisa ankadziwa kuti mdani wanga ndi Loweruka masana, ndiye anandipatsa simbi ya makala kuti ndizisita zovala zimene asoka. Loweruka ankaunjika dala ntchito mpaka dzuwa kulowa. Ndinagwaponso kamodzi, pa Khirisimasi. Ndinabwera chokwawa, ndinkaganiza kuti zonse zathera pomwepo. M'mawa kunamveka go, go, monga mwa masiku onse. Ndinayankha kuti ndadzuka ngati chitsiru. Anati, "Chabwino, chitsirucho chituluke chidzasese." Kutchalitchi kuno anandituma ndi iwowo, Msilamu. Anati, "Ine ndili ndi Lachisanu langa. Inu Lamulungu lanu munalisiya kuti?" Patapita nthawi ndinapeza ntchito pa mgodi wina, pamtunda, kunyumba yogawira nyali, kumene ndili mpaka lero.

Nditaona kuti ndayamba kuoneka ngati munthu, Che Idrisa anandisokera shati, ndinakwera basi ya ku Mabeskraal. Ndinafika masana, nditapesa bwino, nditanyamula shuga ndi nsalu. Apongozi anandilandira mwaulemu, anamva kupepesa kwanga konse. Tadala sindinamuone, anali atathawira kumunda. Seipati anamvetsera mutu uli pansi. Nditamaliza anati, "Rra Tadala, ine mwamuna wa masana sindinamuthawe. Ameneyo ndimamudziwa, ndi wabwino. Ndinathawa wa m'mawa. Mugone kuno, timuone ameneyo."

Anandiyalira m'kanyumba kosungiramo mapira. M'mawa ndinadzuka, ndinasukusula, ndinapeza tsache kuseri kwa khitchini, ndinayamba kusesa bwalo la apongozi. Ndinkati kwathu mkamwini amagwira ntchito pakhomo, palibe cholakwa. Sindinaganize kuti bwalo la mayi wa Chitswana ndi ulemu wake, ndipo mwamuna wobwera kulisesa kuli ngati kulengeza kumudzi wonse kuti akazi a pakhomopo ndi aulesi. Apongozi aakazi anatuluka akuthamanga mpango uli m'manja, anandilanda tsache akulankhula mofulumira moti sindinamve ngakhale liwu limodzi. Azilamu anga aakazi anagwirana akuseka. Amayi opita kukatunga madzi anaima kumpanda, akuitana anzawo kuti adzaone.

Ndinamva kutentha kuja kukukwera m'khosi, kuja ndinkakudziwa bwino. Anthu akundiseka, m'mawa, pamaso pa mkazi wanga. Ndinaona Seipati ataima pakhomo, osaseka, akundiyang'ana manja. Kuseri kwa siketi yake kunali kankhope. Ndinapuma, ndinadziuza kuti awa ndi manyazi chabe, sapha munthu. Ndinavula chipewa, ndinati, "Dumelang, bomma. Mwadzuka bwanji nonse kumpandako?" Ndiye ndinayamba kuseka nanenso, chifukwa kunena zoona zinali zoseketsa.

Seipati sanabwerere tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinapita kambirimbiri, ndikugona m'kanyumba ka mapira kaja, tsache osaligwiranso, ndinkawaza nkhuni m'malo mwake. Tadala anasiya kuthawira kumunda. Masana ankalandira maswiti, ankayankha ndikamufunsa za sukulu. Koma m'mawa sankayandikira, ndipo chinthu m'manja mwanga sankapereka, ankachiika pansi n'kubwerera m'mbuyo. Dzanja la chipseralo ankalibisa kumbuyo akandiona. Chimenechi chinkandiwawa kuposa ndende.

Sukulu itatsekera, Seipati anabwera naye ku Tlhabane kuti adzaone kumene ndikukhala. Tsabola uja anali atachira, atapindika pang'ono koma atabereka. Tadala ndi Che Idrisa anagwirizana tsiku loyamba lomwelo. Ankawatchula kuti agogo, ankakhala pansi pa makina n'kumatola tizidutswa ta nsalu, iwo akumusokera zovala za chidole. M'mawa ankawanyamulira beseni kukathirira tsabola. Ine ndikatuluka, ankabisala kuseri kwa mkanjo wawo. Ndinadandaula kwa iwo, anati, "Mwana si bulangete loti mungolikoka. Inu sesani."

Chisanu chotsatira chifuwa chija chinakula. Anasiya kupita pakhonde, kenaka anasiya kusesa. Ndinayamba ndine kuwatungira madzi otawazira, kuthirira tsabola, kusesa, ndi kugogoda khoma kuchokera mbali yanga. Ndinkati, "Che Idrisa, mwadzuka bwanji?" Pankapita nthawi, kenaka timawu tochepa, "Injini yalira, koma mafuta achepa." Munthu ameneyu sindinamumvepo akudandaula kuti Mulungu wamulakwira. Tsiku lina ndinagogoda, sanayankhe.

Abale awo Achisilamu anabwera, tinawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Seipati atamva anabwera ndi mwana tsiku lotsatira kudzapepesa, anagona m'chipinda cha malemuwo.

M'mawa umenewo ndi umene ndinkauopa. Ndinatsegula maso, kuseri kwa matabwa kunalibe chifuwa, kunalibe nyimbo. Ndinadzimvera m'kati, denga lonse linkalira mofowoka. Sindinadzuke, sindinasukusule. Ndinagona chagada ndikuganiza za mayi wa pa shabini uja, kuti amatsegula nthawi yanji, ndiponso kuti wondiletsa tsopano ndani. Ndinkadziwa kuti ndikatuluka ndi nkhope imeneyi Seipati aona mwamuna uja anamuthawa, akwera basi, ndipo ulendo uno sadzabwereranso. Ndinkadziwa, koma mphamvu zodzukira ndinalibe.

Ndiye ndinamva go, go, pakhoma. Kugogoda kwake kunali kwa m'munsi, kosalimba, kwa munthu amene mtengo wa tsache wamutalikira.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

Ndinafunda bulangete kumutu. Sanachoke. Ndinkamva akusuntha mapazi panja paja, akudikira, monga mmene ankaonera agogo ake akuchitira. Ndinati, "Sindinadzuke bwino, mwana wanga. Ndikuwasowa agogo."

Anati, "Nanenso." Kenaka anati, "Tulukani, ndasesa theka."

Ndinasukusula, ndinatuluka. Bwalo linali losesedwa mokhotakhota, tsabola atathiriridwa madzi ochuluka kwambiri. Seipati anali pa mbaula, osandiyang'ana, koma ndinadziwa kuti akuona zonse. Tadala anapita kwa mayi ake, anatenga kapu ya tiyi ndi manja awiri, anayenda pang'onopang'ono kubwera kwa ine. Sanaiike pansi. Anaitambasula, chipsera chija chili poonekera. Ndinagwada kuti tifanane msinkhu, ndinailandira ndi manja anga awiri. Basi ya ku Mabeskraal inapita yokha tsiku limenelo.

Tadalayo ndi uyo wakhala kumbuyo uko ndi mayi ake, akubisa nkhope m'buku la nyimbo. Watalika kundiposa, ndipo m'mawa ndikachedwa amagogodabe. Anansi mpaka lero amanditcha Maru, dzina silifa, koma amalitchula akuseka. Sindikuuzani kuti ndimadzuka wosangalala tsiku lililonse. Kwathu ndimakusowa ngati inu nomwe, manda a mayi anga sindinawaonebe. Chimene ndinaphunzira kwa madala uja ndi kugwetsa mwala wanga panja ndisanalowetse anthu. Mmera mpoyamba, ndipo tsiku limamera m'mawa.

Pakhomo potulukira paja mwaona tizitini tandandalika. Ndi tsabola wa Che Idrisa, wa mbewu yomwe ija ya ku Mangochi, Tadala ndi amene wafesa. Aliyense atengepo kamodzi. Safuna zambiri, madzi osukusulira omwewo akwana, koma amafuna m'mawa uliwonse, ndiye kuti muzidzuka. Ndipo amene mumagona moyandikana, wina agogode khoma la mnzake mawa, asachoke mpaka amuyankhe.

Tsopano ndibwerere pamene ndinayambira, chifukwa paja munangoseka, simunandiyankhe. Achimwene inu muli kutsogoloku, a jekete yofiira, ndiyamba ndi inu. Musanene kuti bwino ngati si bwino. Ine ndaima pompano, sindikuthamangira kulikonse.

Mwadzuka bwanji?